Ndikumanga nyumba: ndigule zipangizo zodziyendetsa zokha panopa kapena ndidikire?

Funso

Ndili mkati momanga nyumba, ndipo wamagetsi ayamba kuika mawaya posachedwapa. Ndimamva za mababu oyatsira pa foni, maloko osafuna kiyi, makamera ndi zipangizo zina zimene zimadziyendetsa zokha. Kodi zinthu zimenezi zikulowera kuti m'zaka zikubwerazi? Ndigule panopa, kapena ndingotaya ndalama pa zinthu zoti zitha ntchito posakhalitsa?

Yankho

Mwafunsa pa nthawi yake, makoma asanapakidwe pulasitala. Ndalama zanu panopa zipite ku mawaya, mapaipi ndi mabokosi a maswichi. Zipangizo zenizenizo musathamangire kugula. Mudzagula pang'onopang'ono mutalowa m'nyumbamo, mutaona chimene chikukusowetsani mtendere tsiku ndi tsiku. Waya woikidwa bwino amatha zaka makumi angapo osamukhudza, pamene moyo wa chipangizo cholumikizidwa pa intaneti nthawi zambiri uli m'manja mwa kampani imene inachipanga. Apa ndi pamene anthu ambiri apwetekera.

Zipangizo zambiri zotchipa zimagwira ntchito motere. Mukadina pa foni kuti babu liyake, uthengawo suchoka pa foni kupita ku babu, ngakhale zonse zili m'chipinda chimodzi. Umatuluka m'nyumba kudzera pa intaneti, kukafika pa kompyuta yaikulu ya kampani yotchedwa seva, mwina kudziko lina, kenako n'kubwerera kudzauza babulo kuti liyake. Intaneti ikadula, babu silimvanso foni. Kampani ikatseka seva, chipangizocho chafa ngakhale mkati mwake mulibe chimene chapsa. Izi si nkhambakamwa ayi. Mu 2016 kampani ya Nest inathimitsa maseva a Revolv, kabokosi kolamulira zipangizo za m'nyumba, ndipo amene anakagula anatsala ndi chinthu chopanda ntchito. Mu April 2022 maseva a kampani ina ya zipangizo zoterezi, Insteon, anazima popanda chenjezo, ndipo anadzayakanso pokhapokha gulu la makasitomala litagula kampaniyo.

Choncho kumene zinthu zikulowera, komwenso ife tikuona kuti n'koyenera, n'kwakuti ulamuliro ubwerere m'nyumba momwemo. Swichi, sensa (kachipangizo kozindikira zinthu monga munthu, madzi kapena kutseguka kwa chitseko) ndi babu zizilankhulana zokha kudzera pa kabokosi kamodzi kokhala m'nyumba mwanu, kamene amakatcha hub, ndipo intaneti izifunika pokhapokha mukafuna kuona za kunyumba muli kutali. Chipangizo chilichonse chimene mwagula muzichiyesa tsiku lomwelo: zulani waya wobweretsa intaneti kumbuyo kwa rauta, kabokosi kofalitsa intaneti m'nyumba, koma rautayo muisiye ikuyaka, ndiye yesani kuyatsa ndi kuthimitsa. Chikakana, dziwani kuti mwabwereka, simunagule. Chibwezeni nthawi yobwezera isanathe.

Chimene chikuthandiza kwambiri kusinthaku ndi Matter. Awa ndi malamulo a mmene zipangizo za makampani osiyana ziyenera kulankhulirana. Amazon, Apple, Google ndi Zigbee Alliance analengeza ntchitoyi mu December 2019, ndipo Matter 1.0 inatuluka mu October 2022 pansi pa bungwe lomwelo, limene tsopano limatchedwa Connectivity Standards Alliance. Poyamba inkakhudza mababu, maswichi, mapulagi, maloko, makatani ndi masensa. Mu 2023 anawonjezeramo mafiriji, makina ochapira ndi maalamu a utsi. Mu 2024 munalowa zoyezera magetsi, zotchajira galimoto zamagetsi, mavalavu a madzi, sola, mabatire a nyumba ndi magiza. Chipangizo cha Matter chimamva malamulo pa netiweki ya m'nyumba popanda kudutsa pa seva yakunja, ndipo chimodzi chomwecho chingalamulidwe ndi wa iPhone komanso wa Android nthawi imodzi.

Komabe musatengeke ndi chizindikiro cha pa katoni. Chinthu chikalembedwa m'malamulo a Matter sizitanthauza kuti app imene mukugwiritsa ntchito yachilandira kale; makampani amachedwa, ena chaka kapena kuposerapo. Ndiponso opanga ambiri amapereka zoyambirira zokha kudzera pa Matter, monga kuyatsa, kuthimitsa ndi kuchepetsa kuwala, zina zonse n'kuzitsekera mu app yawo. Musanagule, fufuzani ngati chinthu chenicheni chimene mukufuna chikuoneka pa hub yanu.

Zimene wamagetsi achite makoma asanatsekedwe

Choyamba ndi waya wa neutral, umene magetsi amabwerera nawo atalowa ndi waya wa live. Swichi wamba imangodula waya wa live, ndiye amagetsi ambiri safikitsa neutral pa bokosi la swichi. Amamusiya kudenga, pamene pali babu. Koma swichi yolumikizidwa pa netiweki ili ndi kawayilesi mkati kamene kamafuna magetsi usana ndi usiku, babu likuyaka kapena ayi. Popanda neutral, swichiyo imaba timagetsi pang'ono kudzera m'babu momwemo. Mababu akale sankasonyeza kanthu, koma babu la LED la mawati ochepa limayamba kuphethira kapena kuwala mwachizimezime mutalithimitsa. Amakonza poika kachipangizo kotchedwa capacitor pa babupo, koma imeneyo ndi njira ya amene nyumba yawo inamangidwa kale. Inu muuzeni wamagetsi afikitse neutral pa bokosi lililonse la swichi, ngakhale simudzamugwiritsa ntchito chaka chino. Amutsekere bwino kumapeto n'kumusiya momwemo.

Mabokosiwo akhale akuya. A mamilimita 25 salola kanthu kuseri kwa swichi. Ikani osachepera mamilimita 35, ndipo pamene khoma likulola, a 47. Mukatero mudzatha kulowetsa ka relay kakang'ono, kaswichi kolamulidwa pa netiweki, kuseri kwa swichi wamba, swichiyo n'kumaoneka ndi kugwira ntchito monga kale.

Kenako sankhani malo amodzi pakati pa nyumba, kabati yolowa mpweya bwino yokhala ndi masoketi osachepera 4, kuti mukhale rauta, hub ndi chosungira zithunzi za makamera. Kuchokera pamenepo kokani waya wa netiweki wa Cat6 kupita pakona iliyonse ya kunja pamene padzakhale kamera, pakhomo lalikulu, kuseri kwa TV, ndiponso kudenga pamalo amodzi kapena awiri pamene padzakhale chofalitsira Wi-Fi. Waya ameneyu amagwira bwino mpaka mamita 100, ndipo amatha kunyamula magetsi a kamera limodzi ndi zithunzi zake, njira yotchedwa PoE, moti simufunika soketi pakona iliyonse. Asayende m'paipi imodzi ndi mawaya a magetsi. Ikaninso mapaipi angapo opanda kanthu a mamilimita 25, muli chingwe chokokera mkati, kupita kudenga, ku geti ndi kumene kuli thanki ya madzi. Palibe amene akudziwa waya amene adzafunike zaka 15 zikubwerazi, koma paipi yopanda kanthu idzamulandira. Omanga asanapake, jambulani khoma lililonse pa foni, tepi yoyezera ikuoneka pachithunzipo.

Pa nkhani ya kuwala, ife timakonda swichi yolumikizidwa kuposa babu lolumikizidwa. Babu lolumikizidwa limafuna magetsi nthawi zonse. Mlendo kapena mwana akangothimitsa pakhoma, lasowa pa netiweki ndipo foni singalidzutse. Mapeto ake anthu amamata tepi pa swichi, n'kumauza aliyense kuti asakhudze. Nyumba yotero yabwerera m'mbuyo. Chilichonse chimene munthu ankachita ndi dzanja azithabe kuchichita ndi dzanja, hub ikhale yamoyo kapena yakufa. Mababu olumikizidwa asiyireni nyale za patebulo ndi malo amene mukufunadi kusintha mtundu wa kuwala.

Mphamvu imene chipangizo chingapirire

Pano m'pamene pamabuka moto, choncho werengani bwino. Pa pulagi yolumikizidwa iliyonse pamalembedwa ma amp amene ingapirire, kawirikawiri 10 kapena 16. Chulukitsani ndi mavoti a magetsi anu. Pa mavoti 230, ma amp 10 ndi mawati 2,300 ndipo 16 ndi mawati 3,680. Kumene magetsi ali a mavoti 120, zimatsika kufika pafupifupi theka. Giza ya mawati 3,000 imakoka ma amp 13 kwa maola, osapuma. Mukaiika pa pulagi ya ma amp 10, timano ta mkati timatentha, pulasitiki imayamba kuda kenako n'kusungunuka. Ngakhale ya 16 si yabwino kuigwiritsa ntchito pafupi ndi malire ake tsiku ndi tsiku. Njira yoyenera ndi yoti wamagetsi aike contactor, swichi yamphamvu yonyamula magetsi ambiri, ya ma amp 20 kapena 25 mu bokosi lalikulu la magetsi, ka relay kolumikizidwako kazingouza contactor kuti itseke kapena itsegule. Katundu wolemerayo amanyamula ndi contactor.

Pampu ya madzi, firiji ndi chilichonse cha mota chili ndi vuto lina. Polira, mota imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa amene imakoka ikamayenda. Kukoka kumeneku kumathetheka pa timano ta relay, ndipo tsiku lina timawotcherana n'kumatirira. App imakuuzani kuti pampu yazima pamene ikupopabe. N'chifukwa chake pa pampu payenera kukhalabe swichi yoyandama ya m'thanki, ndipo pa giza thermostat yake isachotsedwe kapena kulambalalidwa. Hita ya m'chipinda, simbi ndi mbaula musaziike pa chilichonse chotha kuyatsidwa munthu ali kutali.

Chifukwa chake zipangizo zimasowa pa netiweki

Njira zolumikizira zimene mudzakumane nazo kwambiri ndi Wi-Fi, Zigbee ndi Thread. Wi-Fi ndi yabwino pa zinthu zotumiza zambiri monga makamera, koma imadya batire, ndipo rauta wamba imayamba kutsamwa zipangizo zikachuluka. Zambiri zimamva 2.4 GHz yokha, moti zikakana kulumikizika tsiku loyamba, kawirikawiri vuto ndi lakuti foni yanu ili pa 5 GHz.

Zigbee ndi Thread zonse zimagwiritsa ntchito wayilesi yofanana, ya IEEE 802.15.4, imene imatumiza zochepa kwambiri, ma kilobit 250 pa sekondi, koma imadya magetsi ochepa moti sensa ya pachitseko imatha chaka kapena ziwiri ndi kabatire kamodzi ka CR2032. Uthenga umayenda ngati mmene omanga amapatsirana njerwa pamzere: chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku magetsi a pakhoma chimalandira n'kupatsira chinzake mpaka ufike pa hub. Za mabatire sizipatsira, zimangogona n'kumadzuka zikakhala ndi chonena. Ndiye yambani kuika za pakhoma, chimodzi m'chipinda chilichonse kapena kulumpha chimodzi, kuyambira pafupi ndi hub kupita kutali. Masensa a mabatire abwere pambuyo, ndipo muziwalumikiza ali pamalo pamene adzakhale. Mukayamba ndi masensa, onse amakakamira hub ngakhale ili kutali, mabatire n'kumatha m'miyezi yochepa. Konkire, malata, magalasi oonera ndi firiji zimafooketsa mafundewa kwambiri.

Pali zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimene zimazunza anthu kwa miyezi osazindikira. Zigbee ili pa 2.4 GHz limodzi ndi Wi-Fi, ndiye zimaphimbana. Ikani Wi-Fi pa tchanelo 1 kapena 6, Zigbee pa 25, ndipo chitani zimenezi musanalumikize kanthu, chifukwa kusintha pambuyo kungafune kulumikizanso zipangizo zina chimodzichimodzi. Chinanso, ngati wayilesi ya Zigbee ndi yobaya pa USB, musaibaye mwachindunji pa kompyuta. Madoko a USB 3.0 amatulutsa phokoso pa 2.4 GHz. Kachingwe kowonjezera ka mita imodzi kamathetsa vutolo.

Thread imasiyana ndi Zigbee poti chipangizo chilichonse chimakhala ndi adiresi yakeyake ya pa netiweki, yotchedwa IPv6, ndipo ndi imodzi mwa njira zimene Matter imayendamo. Imafuna chipangizo cholumikiza netiweki yake ndi ya m'nyumba, chotchedwa border router, chimene chimapezeka kale mkati mwa masipika ndi ma hub ena a Apple, Google, Amazon ndi Samsung. Zigbee sikutha mawa ayi. Zipangizo zake n'zambiri ndiponso zokhwima. Hub yomva zonse ziwiri ndi imene ingakutetezeni mbali zonse. Ngati mumakonda kuchita zinthu nokha, pulogalamu yaulere ya Home Assistant, imene inayamba mu 2013, imayenda pa kakompyuta kakang'ono monga Raspberry Pi ndipo imasunga zonse m'nyumba. Muiike pa chosungira cholimba chotchedwa SSD, osati pa memory card, chifukwa kulembalemba kwa tsiku ndi tsiku kumapha khadi msanga.

Kudziyendetsa kwenikweni

Kuyatsa babu pa foni si chitukuko. Swichi ya pakhoma imachita zimenezo msanga kuposa kutulutsa foni m'thumba. Phindu limayamba pamene nyumba ikuchita chinthu inu osaiuza, ndipo apa chofunika ndi sensa. Masensa akale a PIR amaona kutentha kwa thupi likamayenda, ndiye munthu akakhala phee kuwerenga, amaganiza kuti m'chipinda mulibe munthu n'kuthimitsa magetsi. Atsopano a radar, a 24 GHz kapena 60 GHz, amamva ngakhale kupuma kwa munthu wokhala pansi. Vuto lawo ndi lakuti amamvanso fani, katani yogwedezeka ndi mphepo, nthawi zina ngakhale munthu wodutsa kuseri kwa khoma lopyapyala, ndipo ambiri amafuna magetsi a USB. Kuphatikiza ziwirizi kumagwira bwino: PIR iziyatsa, chifukwa ndi yachangu, radar iziletsa kuthimitsa munthu akadali momwemo. M'kholido ndi m'bafa PIR yokha imakwana, mukaipatsa mphindi 3 mpaka 5 isanathimitse.

Chipangizo chimene timalimbikitsa aliyense kuyamba nacho sichioneka n'komwe: timasensa ta madzi pansi pa sinki, kuseri kwa makina ochapira ndi pansi pa giza, pamodzi ndi valavu ya mota pa paipi yaikulu. Madzi akangokhudza sensa, valavu imatseka ndipo foni imalira. Valavuyo muziitseka ndi kuitsegula kamodzi pamwezi, apo ayi imauma n'kukana tsiku limene mukuifuna. Hub ingachite yokha zimenezi usiku.

Kumene tikuona kuti kusintha kwakukulu kudzachitikira ndi pa kagwiritsidwe ntchito ka magetsi. Nyumba yokhala ndi sola, batire, giza ndiponso mwina galimoto yamagetsi ili ndi funso ola lililonse: magetsi alipowa apite kuti? Hub yowerenga inverter, chipangizo chosandutsa magetsi a sola ndi batire kukhala a m'nyumba, ingayatse giza dzuwa likakwera batire litadzaza, n'kuithimitsa mitambo ikaphimba, komanso kuletsa kuti giza, pampu ndi uvuni zilire nthawi imodzi n'kugwetsa inverter. Kumene mtengo wa magetsi umasintha malinga ndi ola, makina ochapira angadikire ola lotsika mtengo. Chenjezo limodzi pa giza: posunga magetsi musalole madzi kumangokhala ofunda. Azifika madigiri 60 kawirikawiri, chifukwa tizilombo ta Legionella timaswana m'madzi ofunda osungidwa. Muwerengerenso zimene zipangizozo zimadya zili chete. Zipangizo 40 zokoka theka la wati chilichonse ndi mawati 20 usana ndi usiku, omwe ndi mayunitsi pafupifupi 175 pachaka.

Nanga zolankhula nazo? Zikusinthadi. Mu February 2025 Amazon inalengeza pulogalamu yatsopano yolankhula nayo yotchedwa Alexa+, ndipo Google ikulowetsa yake yotchedwa Gemini m'zipangizo zake za m'nyumba. Mudzatha kulankhula mwachibadwa, osaloweza mawu, ngakhalenso kuuza nyumba lamulo latsopano pakamwa. Zimenezi n'zothandiza kwambiri kwa okalamba ndi anthu aulumali, ndipo siziyenera kunyozedwa. Koma mapulogalamu oterewa salonjeza kuyankha chimodzimodzi nthawi zonse, ndiponso ambiri amayendera pa maseva akunja. Mu March 2025 Amazon inachotsa pa masipika ake ena otchedwa Echo mwayi woti mawu a munthu asatumizidwe ku maseva ake. Aloleni akuthandizeni kulemba lamulo, inu muliwerenge n'kulivomereza, kenako liziyenda pa hub mosasintha. Loko, geti ndi valavu ya gasi zisatsegulidwe ndi mawu okha.

Chitetezo

Mu October 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inagwiritsa ntchito makamera ndi zojambulira za anthu wamba kuukira kampani ya Dyn, imene inkathandiza kuti masamba a pa intaneti azipezeka, moti Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu anavuta kufikika kwa maola. Inkalowa m'zipangizozo pongoyesa mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60 amene eni ake sanasinthe. Maboma ayamba kuchitapo kanthu: kuyambira pa 29 April 2024, lamulo la ku United Kingdom limaletsa kugulitsa zipangizo zokhala ndi pasiwedi imodzi yofanana pa zonse, ndipo limakakamiza wopanga kunena kuti adzakonza zolakwika za pulogalamu kwa nthawi yaitali bwanji. Lamulo la European Union lotchedwa Cyber Resilience Act lidzayamba kugwira ntchito mokwanira mu December 2027. Ngakhale muli kwina, nthawi imeneyo muziiyang'ana pa tsamba la wopanga. Amene sakuinena musamudalire.

Kwa inu, sinthani pasiwedi ya chipangizo chilichonse ndi ya rauta yomwe, zimitsani UPnP pa rauta (njira imene imalola zipangizo kudzitsegulira zokha khomo la ku intaneti), ndipo musatsegule doko lililonse loti kamera izionekera pa intaneti mwachindunji. Makamera ndi zipangizo za Wi-Fi zodalira seva ziikeni pa netiweki ya alendo, kutali ndi makompyuta anu. Za Matter zisiyeni pa netiweki imodzi ndi hub, chifukwa mukazilekanitsa sizionana. M'zipinda zogona musaike kamera, ndipo onse okhala kapena ogwira ntchito m'nyumbamo adziwe pamene pali kamera ndi maikolofoni.

Magetsi akazima, rauta ndi hub pamodzi zimakoka mawati 15 mpaka 25, choncho ka UPS kakang'ono, kabokosi ka batire kopereka magetsi akazima, kamazisunga kwa maola angapo. Yang'ananinso mu app zimene babu kapena pulagi iliyonse imachita magetsi akabwerera. Mababu ambiri amachokera kufakitale atakonzedwa kuti aziyaka mwamphamvu, moti magetsi akabwera pakati pa usiku nyumba yonse imangoti ngwee. Sankhani kuti azibwerera mmene analili. Loko wa pakhomo akhale ndi bowo la kiyi kapena polumikizira batire kunja, ndipo kiyiyo isakhale mkati mwa nyumba yomwe yakutsekeraniyo.

Mukalowa m'nyumba, gulani hub, masensa a madzi ndi maswichi a kholido ndi panja, mukhale nazo mwezi wathunthu musanawonjezere china. Chipangizo chilichonse cha Matter chimabwera ndi QR code komanso nambala, kawirikawiri ya manambala 11, nthawi zina pa kapepala kokha kamene kamatayidwa ndi katoni. Jambulani, lembani chipinda chimene chipangizocho chili, musunge mu faelo imodzi ndi mapulani a mawaya. Mukadzachifufuta kuti chiyambirenso, kapena mukadzagulitsa nyumbayo, popanda nambalayo simudzatha kuchilumikizanso. Hub nayo muziikopera zosunga zake kamodzi pamwezi n'kuziika pa chipangizo china, osati pa hub pomwepo.